Nkhawa za Mayi Wapakati ndi Ubongo wa Mwana: Phunziro Lochokera ku Makoswe

Kokeni ndi mankhwala ozunguza bongo opangidwa kuchokera ku masamba a chitsamba cha coca cha ku South America. Mu ubongo muli madzi otchedwa dopamine amene amapatsa munthu chisangalalo. Madziwa akatha ntchito yake, ubongo umawabweza. Kokeni amatsekereza kubwezako, kotero dopamine amachuluka ndipo munthu amalakalaka kubwerezanso.

Kafukufuku wake

M'chaka cha 2008, Tod Kippin ndi anzake a ku Medical University of South Carolina, ku America, anafalitsa zimene anapeza pa makoswe. Khoswe amakhala ndi bere pafupifupi milungu 3. M'masiku 7 otsiriza, makoswe ena ankatsekeredwa m'malo opanikiza katatu pa tsiku, pamene ena sanasautsidwe konse. Ana a magulu awiriwa anayesedwa atakwanitsa milungu 10.

Zimene anapeza

1. Atabayidwa kokeni, ana a makoswe osautsidwa aja anayendayenda kwambiri kuposa anzawo.

2. M'chigawo cha ubongo chotchedwa nucleus accumbens, dopamine ndi glutamate zinakwera koposa.

3. Ataphunzitsidwa kudinikiza kachitsulo kuti alandire kokeni, magulu onse awiri anadinikiza mofanana. Koma kokeni atachotsedwa, ana a makoswe osautsidwa anapitirizabe kudinikiza kwambiri. Atapatsidwanso pang'ono, anabwerera mwamphamvu kukamufunafuna.

Kusiyana kwawo tsono kunaonekera pa kuvutika kuleka, osati pa kuyamba.

Chifukwa chake

Khoswe akasautsika, thupi lake limatulutsa mahomoni otchedwa corticosterone. Mwa munthu ndi cortisol. Nsengwa imatchinga ambiri mwa mahomoniwa, koma akachulukitsa ena amafika kwa mwana pamene ubongo wake ukuumbika.

Phunziro kwa mabanja

Khoswe si munthu, ndipo kafukufukuyu sakunena kuti mwana wa mayi wankhawa adzagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Kaleredwe, anzake ndi malo okhala zili ndi mbali yaikulu. Mayi asaimbidwe mlandu, pakuti nkhawa zambiri zimachokera ku umphawi, ndewu za m'banja ndi ntchito zolemetsa. Bambo ndi achibale amupepukitse ntchito ndi kupewa mikangano. Mayi wosowa tulo kapena wachisoni chosatha afotokozere anamwino kusikelo. Mtendere wa mayi wapakati ndi gawo la chisamaliro cha mwana, monga chakudya chabwino ndi katemera.