Kachipangizo Kong'aluka Sikatsukika: Mafunso ndi Mayankho

Kodi kachipangizo kopimira kangapatsire munthu matenda?

Inde. Kaya ndi pachipatala chachikulu cha Thyolo, ku Malamulo kapena pakiliniki ya paesiteti, tizipangizo ta m'manja timakhudza anthu ambiri m'mawa umodzi: kopana chala poyeza mpweya m'magazi, kopisa m'khwapa, ndi koyezera shuga. Kofunika kukasamala koposa ndi ka shuga, chifukwa ntchito yake ndi ya magazi. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamakhalabe ndi mphamvu masiku 7 kapena kuposerapo m'magazi ouma, ngakhale ochepa osaoneka ndi maso. Tsono zala za anthu othyola tiyi sizisowa timabala momwe kachilomboka kangalowere.

Nanga si anamwino amakapukuta ndi spiriti?

Amapukuta ndithu, koma thonje limangofika kunja. Chikhokhombe cha kachipangizo chikang'aluka, kapena labala yotseka polumikizira ikakakatuka, thukuta ndi magazi zimalowa m'kati momwe dzanja silifika. Kuno kwathu nyengo ya chiperoni chinyontho sichichoka msanga, ndiye zolowazo zimakhalitsa, kwinaku zikudya tinthambo mpaka kachipangizo kuyamba kunama. Apa ngozi zakhala ziwiri: wodwala atha kutenga matenda, komanso kupatsidwa chithandizo potsatira manambala olakwika.

Bwanji osangomata selotepi?

Ayi. Zomatira zake zimagwira litsiro, ndipo kunsi kwake sikupukutika. Tikudziwa kuti zipangizo n'zosowa ndipo kuchotsa kamodzi pantchito kumawawa, komabe kong'aluka kayenera kuikidwa padera, akuluakulu adziwitsidwe.

Kunyika mu klorini kungathandize?

Tizipangizo tambiri sitinapangidwe kuti tizinyikidwa. Klorini amadya labala ndi chitsulo, motero amatsegula njira yomwe timafuna itsekeke. Tsatirani malangizo a opanga: kupukuta ndi mankhwala oyenera, n'kudikira kaume musanayeze wina.

Nanga pojambula amayi oyembekezera?

Kamutu ka makina kolowetsa kunjira ya amayi kamavekedwa chophimba chatsopano pa mayi aliyense, kawirikawiri kondomu. Chophimba chimatha kubooka mosaoneka, choncho akachivula kamutuko kamatsukidwabe ndi mankhwala opha tizilombo.

Ine wodwala ndingachitepo chiyani?

Penyetsetsani kuti kasingano kobayira chala akutsegula katsopano inu mukuona. Mukaona mng'alu kapena dontho la magazi, funsani mwaulemu kuti, "Anamwino, kodi kapukutidwa?" Ngati chala china chili ndi bala, perekani chopanda bala.