Phunziro kwa Wofuna Kudzala Mpesa ku Kitwe ndi ku Ndola

Mwana wanga, wanena kuti ukufuna kutsegula munda wa mpesa kuno ku Copperbelt ndi kufulula vinyo wakowako. Maganizo amenewa ndi abwino. Tiyambe ndi zapafupi.

Mpesa ndi mtengo woyanga, ndipo mphesa ndi zipatso zake. Vinyo ndi madzi a mphesa amene awira. Kuwira kumeneku si kwa pamoto ayi. Ndi ntchito ya yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wa m'chipatso n'kumusandutsa mowa ndi mpweya. Sunga chiwerengero ichi: magalamu pafupifupi 17 a shuga m'lita imodzi amapereka 1 peresenti ya mowa. Motero vinyo wa 12 peresenti amafuna magalamu oposa 200 pa lita. Shuga ameneyu amadza ndi dzuwa, mphesa zikamapsa pa mtengo. Popanda dzuwa palibe shuga, ndipo popanda shuga palibe vinyo.

Apa ndiye pagona vuto lathu. Ku Stellenbosch, ku South Africa, mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa amakolola mu February ndi March kunja kuli gwa. Kwathu kuno mvula imagwa kuyambira November mpaka April, mamilimita pafupifupi 1,200 pa chaka. Mpesa ukangousiya, umaphuka mu September, zipatso n'kupsa mvula ili pakati. Zikatero zimakhuta madzi, zimang'aluka, zimachita chuku n'kuola.

Mankhwala ake ndi kudulira kawiri. Kudulira ndi kuchotsa nthambi zina kuti mtengo uphuke pa nthawi imene mlimi akufuna. Alimi a ku Minas Gerais, ku Brazil, amenenso mvula imawagwera m'miyezi yathu yomweyi, amadulira koyamba cha mu August n'kuthothola timaphava tonse totuluka. Amadulira kachiwiri cha mu January, ndipo mphesa zimapsa mu June ndi July, usana kuli dzuwa, usiku kukuzizira. Mtundu umene wawayanja kwambiri ndi Syrah. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo uyenera kuyesa poyamba. Udzafunika madzi othirira, ndipo usadzale m'dambo, chifukwa ndimo mumagwa chisanu m'miyezi imeneyo.

Nthaka yathu yambiri ndi ya asidi, ndiko kunena kuti ndi yowawasa moti mizu imavutika kutenga chakudya. Ukayezetse dothi lako, uthire laimu usanadzale.

Kenaka udikire. Mpesa umayamba kubereka bwino m'chaka chachitatu. Zaka zimenezi usakhale manja lende: phunzira kufulula ndi magwafa, mabulosi kapena masuku. Ku Lilongwe, kampani ya Linga imagulitsa vinyo wa zipatso monga jambula, magwafa ndi chidede, choncho ntchitoyi si yonyozeka. Pophunzirapo udzadziwa mdani wachiwiri pambuyo pa mvula, amene ndi mpweya wakunja. Ukalowa m'chigubu, tizilombo tina timasandutsa mowa kukhala viniga. Tsuka ziwiya bwinobwino, utseke chigubu, ulowetse kapaipi kamene mbali yake ina yamira m'botolo la madzi. Mpweya wam'kati utuluke, wakunja usalowe. Ndibwereze: wam'kati utuluke, wakunja usalowe.

Pa za kudikira ndi kuphunzira, taona Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal. Anaphunzira pa Stellenbosch University, anayamba ntchito ku kampani ya vinyo ya Stellekaya mu 2004, ndipo anakhazikitsa vinyo wake wotchedwa Aslina mu 2016, atafululira ena zaka zoposa khumi.

Iwenso yamba ndi mizere yochepa ya mitundu iwiri kapena itatu. Gula kabuku, uzilembamo tsiku lodulira, tsiku lophuka, mvula imene yagwa ndi shuga amene wayeza. Ukadzakolola koyamba, udzabwere nako kabukuko tidzawerengere limodzi.