Tikiti ya seva ndi kiyi ya nyumba, isamaleni

Inu achinyamata a kwa Makhuwira amene mwayamba kulemba mapulogalamu a pafoni, tcherani khutu, chifukwa izi ndinaziphunzira ndi thukuta.

Netiweki ya kuno kutsidya kwa Shire mukuidziwa. Uli pa Livunzu ikugwira, ukangotsetserekera kudimba yathawa. Foni ikamalumikizana ndi seva kudzera pa TLS, ziwirizi zimayamba zapatsana moni wautali: seva imaonetsa satifiketi yake, ndipo zimagwirizana kiyi yobisira uthenga. Moni umenewu ukamabwerezedwa nthawi zonse, umadya bandulo ndi nthawi ya anthu osauka kale. N'chifukwa chake seva imapereka tikiti, kuti foni ikabweranso ingoionetsa, ngati munthu wodziwika kale pamudzi amene safunsidwanso kuti kwanu n'kuti.

Phunzirani kudekha. Mu TLS 1.3, yomwe inatuluka mu 2018, tikiti imabwera moni utatha. Ine polemba ndi OpenSSL ndinkathamangira kuitana SSL_get1_session moni ukangotha, n'kumasunga chinthu chosagwira ntchito. Ndinakhala masabata awiri ndikuda netiweki, pomwe wolakwa ndinali ine. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani SSL_CTX_sess_set_new_cb kuti ikudziwitseni tikiti ikafika, ndipo musanaisunge, tsimikizani ndi SSL_SESSION_is_resumable.

Chimene mwabwereka, bwezani. Chilichonse chotengedwa ndi SSL_get1_session chimafuna SSL_SESSION_free mukathana nacho. Mukaiwala, memore imatha pang'onopang'ono, ndipo mafoni otchipa amene makolo athu ali nawo ndi amene amayamba kuuma.

M'zimene mwasungazo muli chinsinsi. Musazilembe mu log, musaziike poti pulogalamu ina ingawerenge. Wozipeza akhoza kudziyesa mwini foniyo. Lamulo la TLS 1.3 silimalola tikiti kukhala kupitirira masiku 7, ndipo ndi bwino kuigwiritsa ntchito kamodzi kokha. Ikatha nthawi, ifufuteni osaimvera chisoni.

Koma chachikulu ndi ichi. Tikiti imalola kutumiza uthenga moni usanathe, njira yotchedwa 0-RTT. Ndi yachangu ndipo imakopa, koma uthenga wotere munthu woipa akhoza kuujambula n'kuutumizanso. Ganizirani bambo amene wagula thumba la mpunga kwa mayi wa ku Mitondo, walipira kamodzi, koma ndalama zachoka kawiri. Bamboyo sadzafunsa za TLS; adzagwira mayi uja pamsika, anthu akuona. Pofunsa mitengo ya mbewu, 0-RTT ilibe vuto. Pa nkhani ya ndalama, dikirani moni uthe.

Pulogalamu yanu mukamaliza, musaiyesere m'tauni mokha. Pitani nayo kudimba komwe netiweki imadukaduka, muiyese pafoni ya agogo anu. Ikakhulupirika kumeneko, mwagwira ntchito.