Kukonza Cipupa Cogumuka

Dothi kapena simenti imene amamata kunja kwa njerwa ndiyo imachinjiriza nyumba ku mvula. Ikafundukuka, madzi amalowa m'kati mwa cipupa, ndipo nyumba imene atate anabvutika nayo miyezi yambiri ikhoza kugwa dzinja limodzi lokha.

Ku Mambwe, m'cigwa ca Luangwa, zipupa zimaona zobvuta. M'mwezi wa October dzuwa limaziwamba kolimba, ndipo pofika November mvula yamphepo imazikwapula. Tsono malo ambiri a m'cigwamo ali ndi dothi la makande, limene limafufuma likanyowa ndi kung'ambika likauma. Nyumba yomangidwa pamenepo imasuntha pang'ono caka ndi caka, ndipo ming'alu imaoneka. M'caka ca 2007 Luangwa inasefukira kufikira m'midzi ya ku Mfuwe, ndipo madzi otere amadya cipupa kuyambira kunsi.

Mmisiri wanzeru safulumira kukanda dothi. Iye amayamba wafunsa cimene cinaononga cipupaco. Kodi tsindwi likudontha? Kodi khonde lacepa, kotero kuti madzi a padenga akuthothera m'tsinde mwa nyumba? Kodi ciswe calowa? Kumata cigamba madzi akali kudontha ndiko kutaya mphamvu cabe.

Atakonza zimenezi amagogoda cipupa ndi kamtengo. Pamene palira ngati ng'oma pamakhala patalekana kale ndi njerwa, ngakhale pakuoneka bwino. Ponsepo agumule kufikira polimba. Kenaka asese fumbi ndi tsache, nawaze madzi, cifukwa cipupa couma cimamwa madzi a dothi latsopano lisanagwire.

Ngati nyumba iri ya zidina kapena ya mitengo, amatenga dothi la pa culu, nasakaniza ndi mcenga ndi udzu wodula-dula. Amaponda ndi mapazi, nalisiya ligone usiku umodzi. M'mawa amaliponya pa cipupa mwamphamvu kuti lilowe m'mipata yonse. Dzenje lakuya salidzaza tsiku limodzi: amamata pang'ono, nadikira paume, namatanso.

Ngati iri ya njerwa zoocha, amasakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso 5 ya mcenga. Mcenga wa mu mtsinje wa Lupande kapena wa Msandile ausefe, ndipo aufikise m'manja; ukadetsa zikhato, uli ndi matope. Amate mosapitirira kunenepa kwa cala, nasalaze ndi kathabwa. Simenti simalimba ndi dzuwa ai, imalimba ndi madzi. Cifukwa cace ayenera kuwaza madzi pa cigambaco masiku 7, ndi kuphimbapo masaka onyowa. Nchito ya kuwazayi inu ana mungaigwire musanapite ku sukulu. Miyezi yabwino ndiyo ya cisanu, June ndi July.

Kampani ya simenti ya ku Chilanga inayamba mu 1949, ndipo lero ambiri amayesa kuti simenti ndiyo mankhwala a cipupa ciri conse. Si tero. Ikamatidwa pa cipupa ca dothi imatsekera cinyezi m'kati, dothi nkufewa, ndipo tsiku lina cigamba conse cimagwa ngati phale.

MAFUNSO

1. Kodi makande amacita ciani akanyowa, nanga akauma?
2. Mmisiri amagogoderanji cipupa asanamate?
3. Yang'anani zipupa za sukulu yanu. Pamene pagumuka, cagumula nciani?