Wosewera wamkulu wa malipiro okwera

Funso: Wowerenga wa ku Garden mu Lusaka akufunsa chifukwa chimene timu imalepherera kugulitsa katswiri wa zaka 33 wolandira ndalama zambiri.

Yankho: Timu yogula imalipira kawiri, ndalama yosamutsira wosewera ndi malipiro ake apamwezi, choncho kontrakiti, pangano la ntchito, ikakhala yodula pamene zaka zosewera zatsala zochepa, mtengo wake umagwa. Malamulo a FIFA amalolanso wosewera kusainira timu ina pangano likatsala miyezi 6, monga anachitira Fashion Sakala popita ku Rangers mu 2021, timu yake osalandira ndalama yosamutsira. Timu ingabwereketse katswiri wamkuluyo n'kumalipirako gawo la malipiro ake, kapena kugwirizana naye kuthetsa panganolo, koma malipiro akaima miyezi iwiri, wosewerayo afulumire kwa loya ndi ku bungwe la mpira la FAZ.