Mabuleki a thiraki akatentha, yambani ndi kufananiza magudumu

Fungo la mabuleki opsa silisokoneza. Mukalimva mukutsika Chiweta kapena Thabwa, imani pamalo osatsetsereka, mnzanu atchinge matayala ndi miyala. Dilamu ikadali yamoto musakoke handibuleki, imapindika. Madzi musathirepo, imang'aluka. Tayala lofuka utsi litalikireni, limaphulika.

Kutentha kukachepako, zungulirani galimoto yonse mukuyandikiza kumbuyo kwa dzanja pa gudumu lililonse, osakhudza. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa vuto limadziulula ndi malo amene atentha.

Ngati latentha ndi gudumu limodzi, vuto lili pompo. Kutentha kukakhala pakati pa habu, girizi n'kumatuluka, kayikirani bering'i, osati buleki. Kukakhala pa dilamu, uzani mnzanu aponde buleki n'kusiya, inu mukuyang'ana kachitsulo kotuluka mu busita. Kayenera kubwerera msanga mpaka kumapeto. Kakamabwerera mozengereza, mwina S-cam yauma chifukwa chosowa girizi, kapena sipuling'i yobweza mashuu yaduka. Mwinanso wina anamangitsa slack adjuster. Pa busita wamba ya Type 30 kachitsuloka kasapitirire mamilimita 51 mukaponda. Gudumu lozizira kwambiri nalonso musalikhulupirire: silikugwira, ndipo anzake akulisenzera katundu.

Ngati yatentha ekiselo yonse kapena ngolo yonse, tsatirani mpweya. Onani geji. Mpweya ukachepa, sipuling'i ya handibuleki simasuka kotheratu, mashuu amangokhula dilamu ulendo wonse. Mvetserani pamene pakutuluka mpweya, onani ngati mapaipi olumikiza ngolo, ofiira ndi achikasu aja, sanapindike. Mukasiya buleki, relay valve iyenera kutulutsa mpweya mwamphamvu nthawi yomweyo. Ikachedwa, mwina yatsekeka ndi madzi ndi oyilo. Tsegulani pansi pa matanki muone chotuluka. Ndimadandaula kuti madalaivala ambiri amatha sabata osachita zimenezi.

Magudumu onse akatentha mofanana, nthawi zambiri vuto ndi phazi la dalaivala pa buleki kapena katundu wopyola muyezo. Giya yotsika imasankhidwa pamwamba pa phiri, ndipo exhaust brake igwire ntchito yake.

Mbali ya busita imene muli sipuling'i ya handibuleki musaitsegule. Sipuling'i imeneyo ikafwamphuka imapha munthu. Busita ikawonongeka, imangeni ndi bawuti yake yotsekera, muchotse yonse, muike ina.