Munda wa ku Anatoti

Werengani: Yeremiya 32:1-25

Amayi anzanga, kodi tulo mukutipeza masiku ano? Ndafunsa chifukwa ambiri a ife tikugona foni ili m'manja. Kale nkhani tinkamva pa wailesi ya ZNBC madzulo, zikatha n'kutseka, kupemphera, kukagona. Lero zimatilondola pa WhatsApp ndi Facebook usana ndi usiku: nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, ya ku Sudan ndi ku Gaza mu 2023, mzinda wa Goma kulandidwa ndi M23 mu January 2025. Kuno kwathu chilala cha 2024 chinatilanda chimanga ndi magetsi omwe. Pa 18 February 2025 madzi a asidi ochokera ku mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi analowa mumtsinje wa Kafue, womwewu umene timadya nsomba zake. Kuwonjezera apo mikangano ya ndale, imene inafika mpaka pa maliro a Edgar Lungu mu June 2025. Mtima wa munthu mmodzi sungasenze zonsezi.

Yeremiya anali pamalo oipa kuposa athu. Chinali chaka cha 10 cha mfumu Zedekiya, ankhondo a ku Babulo atazinga Yerusalemu, iye mwini ali m'ndende chifukwa chonena zoona. Pamenepo m'bale wake Hanameli anabwera kudzamutsatsa munda wa ku Anatoti. Taganizani, kugula munda adani ali pakhomo! Koma Mulungu anali atamuuziratu, ndipo anagula ndi masekeli 17 a siliva.

Onani m'mene anagulira. Sanachite mwachisawawa ngati munthu wotaya mtima. Anayesa siliva pa sikelo, anaitana mboni, analemba makalata, nauza Baruki kuti awasunge m'mbiya kuti akhale nthawi yaitali. Sanakanenso kuti zinthu zaipa, pakuti ndi iye yemwe ankalosera kuti mzinda ugwa. Ndipo atagula, anapemphera modabwa (ndime 16 mpaka 25), monga munthu wosamvetsa chimene wangochita. Ine ndime zimenezi zimanditonthoza kuposa zonse. Kumvera sikudikira kuti mantha athe kaye.

Mu January 2024 kolera itavuta, bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala ndipo sukulu sizinatsegulidwe mpaka 12 February. Ine mphunzitsi ndinangokhala pakhomo n'kumawerenga chiwerengero cha omwalira m'mawa, masana ndi usiku, mpaka BP inakwera. Tsiku lina mayi wina wachikulire wa Chigwirizano, amene alibe ngakhale foni ya intaneti, anandipeza pakhonde. Anati, "Aphunzitsi, valani nsapato, kuli nyumba zopanda klorini." Ndinachita manyazi, mtumiki wa mpingo kudzutsidwa chotero. Tinayenda m'Nangongwe muno khomo ndi khomo, kukumbutsa anthu kuwiritsa madzi, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kukonza madzi a shuga ndi mchere: lita 1 ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osatundumuka, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, wodwala azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Kolera sitinaithetse ifeyo. Koma usiku umenewo ndinagona.

Sindikunena kuti tisamamve nkhani. Mkhristu wosadziwa zochitika adzapempherera chiyani, adzavota bwanji? Imvani kamodzi patsiku, pa nthawi imene mwasankha nokha, kenaka tchulani dziko limodzi m'pemphero ndi kuika foni pansi. Uthenga wokwiyitsa ukafika, chitani zimene ndimauza ana a sukulu: funsani kuti walemba ndani, liti, ndipo akufuna ndichite chiyani. Ngati mayankho palibe, musautumize kwa ena, ngakhale ukunyoza chipani chimene simuchikonda. Apa ndi pamene ambiri timagwa, amayi. Pamsonkhano timavala yunifomu imodzi, koma tikatuluka ena sapatsana moni chifukwa cha chitenje cha chipani. Kukapempha moto kwa mnzanu wa chipani china, kapena kukamugonera pa maliro, umenewo ndi munda wa ku Anatoti ndithu.

Wina munda wake ndi kadimba ka repu kuseri kwa nyumba, kothirira ndi madzi otsukira mbale. Wina ndi mwana wamasiye wosowa yunifomu ya sukulu, wina ndi ngalande yodzaza zinyalala pamsewu wake mvula isanayambe, wina ndi gogo amene alibe womutengera mankhwala ku kliniki.

Pamsonkhano ukubwerawu aliyense abwere atasankha chinthu chimodzi chokha, ndi tsiku limene adzachiyambe. Mlembi wathu akhale Baruki: alembe zonse m'buku pamaso pa mboni, ndipo pakatha miyezi 3 tidzatsegule bukulo ndi kuwerenga pamodzi.